Wotchetcha Udzu pa Bwalo Lathu la Ndege

Ntchito yanga yoyamba inali yaukalaliki pa kabwalo ka ndege kufupi ndi Mangochi, m'zaka zomwe anthu a ku Mozambique ankadzaza mbali ya Katuli pothawa nkhondo. Kampani yathu inali mwana wa kampani yayikulu ya ndege ya dziko lino, ndipo ankatilera ngati mwana wa mkazi wachiwiri. Chilichonse tinkalandira chotha: makapu ong'aluka, taipi yopanda chilembo cha "e", yunifomu yomwe mayi wina wonenepa wa ku Blantyre anali atatopa nayo. Ndege yathu inali ya anthu asanu ndi anayi, ndipo inali yakale kuposa ine.

Pabwalopo tinalipo atatu. Bwana wathu ankafuna kuti tiziwatchula kuti sitesheni manejala, ngakhale sitesheniyo inali zipinda ziwiri ndi chimbudzi. Ine ndinkalemba matikiti ndi kuyeza anthu pasikelo ya chimanga, chifukwa kandegeko kankadana ndi mimba zazikulu. Wachitatu anali bambo wina wothawa nkhondo, wa ku Lichinga, yemwe ankatchetcha udzu ndi kuthamangitsa mbuzi ndege ikamatera. Ankalankhula Chiyao, Chichewa chopindika ndi Chipwitikizi akapsa mtima. Ine ndinkangowatchula kuti amalume.

Lolemba lina ndege itatera, amalume anayimika chikwakwa n'kutchera khutu.

"Achemwali," anatero kwa ine, "injini ya kumanzere ija ili ndi chimfine."

Ndinaseka n'kupitiriza kuyeza anthu. Tsikulo tinali ndi azungu atatu a bungwe logawa chakudya kwa othawa nkhondo, ndi ashehe a kwa Mponda opita ku Blantyre kuukwati wa mwana wawo. Onse atakwera, woyendetsa ndege analiza injini. Ya kumanja inalira bwino. Ya kumanzere inatsokomola, kutulutsa utsi, n'kumanjenjemera ngati munthu wa malungo. Woyendetsayo anazimitsa zonse, anthu n'kutsika.

Bwana anayimba foni kulikulu. Anawayankha kuti makaniko ali ndi ndege za kampani yayikulu, abwera Lachinayi. Azungu anabwerera kuhotela ya kunyanja akudandaula mosangalala. Ashehe anakana kugonja. Ankabwera m'mawa uliwonse ndi mkeka wawo ndi sutikesi, n'kukhala pamthunzi wa phiko la ndegeyo ngati akudikira wodwala.

Lachiwiri amalume anavula chipewa n'kupita kwa bwana.

"Bwana, mundilole ndiyang'aneko pang'ono."

"Iwe! Ukuyesa ndi njinga imeneyo? Pita ukaone mbuzi zako."

Koma woyendetsa ndege, mnyamata wa ku Zomba yemwe udzudzu wa kwathu unali utamumaliza, anamva. Bwana atapita kukadya chamasana, chomwe chinkawatengera maola atatu, anawayitana amalume n'kutsegula chivundikiro cha injini. Amalume anasamba m'manja kaye. Kenako anayamba kugwiragwira zitsulo uku akung'ung'udza m'Chipwitikizi. Anamasula mapulagi awiri, kuwanunkhiza, n'kupukusa mutu.

"Achemwali, ndibwerekeni pini wa m'tsitsi mwanumo."

Ndinawapatsa. Anakhala pansi n'kumatokosa zinyalala m'mapulagimo modekha, ngati akuchotsa matekenya kuphazi la mwana. Anamanganso waya wina yemwe anali atakhwepa. Ashehe anasendera pafupi.

"Kodi bambo, ndege munazidziwira kuti?"

"Zaka zambiri ndinkakonza za asilikali, ashehe. Izi n'zoseweretsa ana."

Woyendetsa atayiliza, injini ija inalira mosalala moti mbuzi zinathawa zokha. Ashehe ananyamula sutikesi nthawi yomweyo. Koma woyendetsayo anati sanganyamuke popanda siginecha ya makaniko wa kulikulu. Choncho ndege yabwinobwino inakhala pansi masiku ena awiri kudikira cholembera.

Makaniko anafika Lachinayi pabasi, atavala suti. Anazungulira ndegeyo kamodzi, kumenya tayala ndi nsapato, kumvetsera injini, n'kulengeza kuti vuto lenileni ndi oyendetsa ndege amasiku ano, amantha. Anasayina pepala, kufunsa komwe angapeze chambo chabwino, n'kukwera ndege yomweyo ndi nsomba zake zisanu ndi imodzi, zomwe ndinaziyezanso pasikelo. Bwana anamuperekeza mpaka pachitseko akumuthokoza chifukwa cha luso lake. Ashehe anafika ku Blantyre ukwati utatha, ndipo anabwerera pabasi.

Ndegeyo itanyamuka ndinawafunsa amalume chifukwa chake anabisa luso lotere n'kumatchetcha udzu.

"Kwathu munthu wodziwa injini ankafunidwa ndi mbali zonse ziwiri, achemwali. Awa akuti uwakonzere, awo akuti akuphe chifukwa wawakonzera. Mng'ono wanga anamutenga m'malo mwanga, mpaka lero sitikudziwa komwe ali. Wotchetcha udzu palibe amamufuna."

Ndinawaphikira tiyi m'kapu ya bwana.

Kuyambira pamenepo woyendetsa uja akatera ankayamba wapita kukapereka moni kwa amalume, n'kuwafunsa chapansipansi kuti amva chiyani. Tsiku lina mpando umodzi unatsala wopanda munthu, ndipo woyendetsayo anawapempha amalume kuti akwere, akaone Blantyre n'kubwerera madzulo, kwaulere. Ine ndinali nditayamba kale kulemba tikiti.

Amalume anayang'ana ndegeyo kuyambira kumphuno mpaka kumchira.

"Zikomo kwambiri, bwana, koma ayi. Ine m'kati mwakemo ndinaonamo."

Mpandowo ndinakhalapo ine, ndipo ndinasanza kuyambira pa Malombe mpaka ku Chileka.