Mlembi Wathu ndi Kompyuta Yoyesera

Mlembi wa ofesi yathu ya alimi pa Dowa ndi bambo amene akalambira pa taipilaita. Chaka chino, zipani zitachuluka, bungwe lina lakunja latipatsa kompyuta. Pulogalamu yoyendetsa kompyutayo inali isanathe kukonzedwa, choncho eni ake anatipempha kuti mwezi uliwonse tizilemba pa fomu zonse zimene yalakwitsa.

Bambowa amaifunditsa chitenje poweruka, m'mawa n'kuipatsa moni. Ikangouma ngati chitsa, amapinda manja n'kunena kuti, "Ikuganiza, musaisokoneze." Ikameza kalata, amasolola taipilaita pansi pa tebulo mwakachetechete.

Tsiku lina inameza mayina onse a alimi a ku Bowe amene ankadikira mbewu ya mtedza, mvula ili pafupi. Ndinawapeza bambowa akulemba pa fomu ija kuti, "Zonse zili bwino."

"Bambo, eni ake atipempha okha kuti tizidandaula," ndinatero. "Masiku ano kuli ufulu."

Anayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu. "Mwana wanga, ine ndinaona anthu akufunsidwa maganizo awo. Ena mpaka lero sanabwerere kwawo."

Mafomu asanu anapita otero. Sabata yatha kwabwera kalata yothokoza yochokera kwa eni pulogalamu aja. Akuti poti ku Dowa pulogalamuyi sinalakwitsepo kanthu, aiika m'maofesi onse a chigawo chapakati, ndipo bambowa ndiwo akaphunzitse anzawo.

Dzulo ndawaona akukwera basi ya ku Ntchisi atavala jekete, taipilaita ataikulunga bwinobwino m'chitenje chija.