Mtovu wa Pansi pa Kaboti

Mpaka lero ndikadutsa pagalaja pomwe akumata bampala ya galimoto ndi faiba, fungo lake limandibwezera pakhonde pathu ku Mikolongwe, chaka chomwe ababa anabwera kudzakhazikika. Linali fungo lolasa m'mphuno, lolowerera mpaka m'mabulangete. Inali nyengo ya chiperoni, phiri la Chiradzulu losaoneka masiku atatu, zovala zosauma pachingwe.

Ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo bambo angawo sindinkawadziwa bwino. Anapita kunyanja ndikadali kumsana kwa amayi, kukagwira ntchito yokonza maboti oyenda ndi thanga. Pakamwa panga mawu oti "ababa" ankakanirira. Ndikatumidwa kukawaitana, ndinkangoima pafupi n'kutsokomola. Amayi anakalipa, ananyengerera, koma ine makani ndinabadwa nawo.

Ana a m'mudzi tinkapikisana padamu lomwetsera ng'ombe ndi timaboti ta mapesi, thanga lake pepala la shuga. Ababa ataona, anatulutsa zotsala za faiba zomwe anabwera nazo n'kuumba kaboti kotalika ngati mkono wanga. Ulusi wake unkayabwa ngati chitedze. Akamakapala ankalankhula moyang'ana pansi, ngati akuuza kabotiko osati ine. Amvekere akutengera boti lina lakale lomwe analisamalira zaka zambiri, lopangidwa kutsidya kwa nyanja iwo ali mwana. Pampikisano, mphepo ikachepa, maboti atsopano ankalisiya kutali, koma mwera ukalusa enawo ankathawira kugombe, ilo n'kumapitabe. Pansi pa kaboti kanga anaikapo chipsepse chachitali, kunsonga kwake n'kumangirira ndi waya mtovu wa m'batire lakale.

Mtovuwo ndi umene unandinyansa. Timaboti ta anzanga tinali topepuka, kanga kolemera ngati kanyamula mwala. Loweruka m'mawa ababa ali kudimba, ndinamasula wayayo, mtovu n'kuubisa kuseri kwa nkhokwe. Ndinadziona wanzeru kwambiri.

Padamu panali ana ambiri, ndi akuluakulu angapo obwera ndi ng'ombe. Kaboti kanga kanathamangadi, kusiya onse m'mbuyo, ine n'kumadumphadumpha. Katafika pakati, mphepo inawomba kamodzi kokha. Kanagona cham'mbali, thanga n'kumwa madzi, osadzukanso. Anzanga anaseka mpaka kugwira m'mimba, ine manyazi atandigwira.

Sindinaone kuti ababa afika nthawi yanji. Anayang'ana kabotiko, n'kuyang'ana ine, ndipo ndinadziwa kuti azindikira. Anavula jekete lokha n'kulowa m'madzi ozizirawo. Madzi anafika m'mawondo, m'chiuno, kenako pachifuwa. Tonse tinkadziwa kuti pakati pa damulo pali matope omwe anamezapo mwana wa ng'ombe, koma iwo anali mlendo.

"Ababa!" ndinakuwa. "Ababa, bwererani, kuli matope uko!"

Sanacheuke. Ndinakuwanso kachiwiri, kachitatu, misozi ili chuchuchu. Anakatola kabotiko n'kubwerera mosambira, n'kutuluka mano akugundana.

"Cholemera chija n'chimene chimakadzutsa kakagwa, mwanawe," anatero akundipatsa. "Wauika pati? Tiye tikaubwezere."

Sanandikalipire, ngakhale kwa amayi sanakanene. Loweruka lotsatira kabotiko kanagona katatu n'kudzuka katatu, ndipo tinamaliza achiwiri. Ndinabwerera kunyumba nditagwira dzanja lawo lokhakhala lija, ndikulongolola njira yonse.

Ndimawathokoza ababa chifukwa cha kuleza mtima kwawo, poti mwana ngati ine wina akanamuwongola ndi mkwapulo. Kwa zaka zambiri ndinkati tsiku lija mphepo inawatseka makutu. Zoona zake anandiuza ndili kale ndi ana anga, tikusenda nandolo, iwo imvi zili mbuu. Anamva nditangoitana koyamba, ndipo munthu wozolowera nyanja sakanamira m'damu la ng'ombe. Anapitirira dala, kuti ndiitanenso.