Makwerero a Ndamvakale

Panali kalipentala wina amene anthu anamupatsa dzina loti Ndamvakale chifukwa cha makutu ake othamanga. Ukangoti, "Ndikufuna mpando wo..." iye, "Ndamva kale!" Mkazi wake amati ngakhale pa ukwati wawo anavomera abusa asanafunse.

Chaka china alimi anamanga khoma la simenti pamtsinje kuti madzi azipatukira m'minda. Mvula itayamba, nsomba zopita kukaikira mazira kumtunda zinaunjikana patsinde pa khomalo, kudumpha, kugunda mphuno, kugwa.

Mlangizi wa za nsomba, mayi wodekha, anafika pashedi ya Ndamvakale.

"Bambo, nsombazi zikalephera kudutsa madzi asanaphwe, chaka chamawa mtsinje udzakhala wopanda kanthu. Tikufuna makwerero a nsomba, ndiye kuti..."

"Ndamva kale!"

M'mawa mwake anayedzeka pakhoma paja makwerero a matabwa onga okwerera padenga, opala bwino, opaka vanishi waliwali.

Alimi anaseka mpaka kugwira nthiti. "Alamu, nanga nsapato za nsombazo mwasiya kuti?" anafunsa mlongo wa mkazi wake.

Mkaziyo anathira ndemanga: "Bambo a ana, muziphunzitsenso kugwira ndi manja."

Manyazi anamukhazika Ndamvakale pansi m'mbali mwa madzi. Atakhalitsa, manyaziwo anasanduka chidwi. Kodi kanthu kopanda miyendo kamakwera bwanji mtsinje wonsewu? Anatsatira nsomba imodzi ndi maso pa timathithi ta kumunsi. Inadumpha pang'ono, n'kubisala kuseri kwa mwala, n'kupuma, kenako n'kudumphanso. Ha! Kani nsomba nayo imachita wefuwefu ngati nkhalamba pachitunda!

Anapita kwa mlangizi uja, chipewa chili m'manja. "Mayi, tamalizani mawu anu aja."

Mayiyo analongosola kuti pakufunika timaiwe totsatizana ngati masitepe, m'mbali mwa khoma, kuti nsomba izidumpha n'kumapuma. Ndamvakale anali duu, mlomo ukuyabwa, koma anaugwira.

Anakhoma mabokosi othiramo simenti, alimi akututa miyala. Madzi atalowa m'timaiwe tija, nsomba zinayamba zakayika. Kenako imodzi, mimba itatupa ndi mazira, inati jowi m'dziwe loyamba. Inapuma. Jowi m'lachiwiri. Mpaka pamwamba, n'kuzimirira kumtunda, zinzake zili pambuyo.

"Bambo a ana," anatero mkazi wake, "makwerero a vanishi aja ndimati..."

"Ndamva kale!"

Madzulo anatumiza makwererowo kwa mlamu wake uja. Chonsecho mkazi wake amafuna kuti nkhuku zawo zizigonapo.