Usiku Umodzi wa Kamakina

Bipi ya atate inali yamakani ngati eni ake. Mapilisi amitundu itatu m'mawa uliwonse, mchere tinachita kubisa, koma tikapita ku kiliniki kwathu ku Chawama, nesi ankangopukusa mutu. Mng'ono wawo wa ku Matero anali atagwa kale ndi sitiroko, ndipo ine ndinkaopa kuti otsatira ndi iwowo.

Dokotala wa m'tauni anafunsa ngati atate amachita mkonono akagona. Ndinaseka. Mkonono wawo unkamveka mpaka nyumba yachitatu! Amayi anawonjeza kuti nthawi zina mpweya umaima, mpaka achite kuwagwedeza. Dokotala anati mwina n'chimene chikukweza bipi, ndipo anatilemba pamzere wa kamakina koyeza tulo. Tinadikira miyezi iwiri. Kenako anatibwereka: lamba wa pachifuwa, kachingwe ka m'mphuno, ndi kena kopana chala. Usiku umodzi wokha, m'mawa tibweze.

Tikufika nako kunyumba, tinamva kulira kuseri. Mnansi wathu wamwalira.

"Batate, lero mugona m'nyumba," ndinawauza.

"Iwe! Mwamuna kugona pa bedi, maliro ali pa khomo? Banthu bazakamba chani?"

Ndinalalata mpaka mawu kusasa. Anavomera. Ndinawamanga zingwe zonse ndekha, n'kupita kukagona kwanga mtima uli m'malo.

M'mawa bedi linali loyala bwinobwino. Amayi anangoloza kuseri ndi mlomo. Ndinawapeza mutenti ya azibambo, ali pabenchi pafupi ndi mbaula, chijasi chili pathupi, kachingwe kali m'mphuno. Usiku wonse anachezera nyimbo ndi nkhani za mpira.

"Sininachotse, monga unakambira," anatero monyadira.

Kalanga ine! Ndinachita kuluma lilime poopa anamfedwa.

Dokotala anayang'ana pakompyuta, n'kunena kuti mulibe tulo ngakhale pang'ono. Anati tibwerere kumapeto kwa mzere, n'kutipatsa tsiku lina.

Muminibasi ndinawakalipira osasamala kuti kondakitala akumva. Atate anandisiya mpaka nditatopa.

"Nikaleka kugona pa maliro ya banzanga, pa yanga kuzagona ndani?"

"Adzabwera, batate, tenti idzadzaza. Koma ine sindikufuna kuwaphikira chaka chino."

Titatsika, anaima pambali pa ngalande, akupukuta magalasi awo nthawi yaitali, kenako anandifunsa tsiku limene dokotala watipatsa.