Anandiuza kuti kachere wa amuna anga wafa, lero ali m'nyumba ya wina

Ndakwiya, ndipo nsanje ndili nayo, sindibisa. Inu amene mumagula maluwa m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga, werengani izi.

Amuna anga, a Zulu, anamwalira mu Okutobala. Ankagwira ntchito ya m'galadeni kumayadi. Kumeneko anaphunzira kulera mtengo m'mbale kuti ukalambe koma usakule, uja amati bonsai. Kunyumba anali ndi kachere mmodzi, wamfupi ngati mkono wanga. Anamulera zaka zisanu ndi zinayi. Mizu yake anaikulunga pa mwala umene anatola kwathu ku Katete. Kachereyo ankakhala pawindo la pabalaza.

Pamaliro mwambo mukuudziwa. Katundu amatuluka m'nyumba kuti azimayi apeze pogona. Mipando, tebulo, kabati, zonse panja. Kachere nayenso anamutulutsa, namuika kuseri pafupi ndi malata. Masiku asanu padzuwa la Okutobala, m'mbale yosaya, popanda womuthirira. Ine ndinali pansi, nditafunda chitenje kumutu. Pamene ndinamukumbukira, masamba onse anali atayoyoka.

Lachiwiri m'mawa ndinamuika m'beseni, ndinamusenza wapansi kuchokera kwathu ku Mtendere mpaka kwa ogulitsa maluwa ku Kalingalinga. Ndinafika naini koloko. Malowo sinditchula dzina, eni ake akudzidziwa. Ndinapeza bambo wa ovolosi amene anzake amamuitana ba Kelvin. Ndinamupatsa moni bwinobwino.

Ndinati, "Ndithandizeni, ndi wa malemu amuna anga. Angadzuke?"

Anamutembenuza uku ndi uku. Mizu anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakanda khungwa ndi chikhadabo, panatuluka kadontho koyera ngati mkaka. Anapukuta msanga ndi chala.

"Amai, aka kanafa kudala. Ni nkhuni chabe. Kasiyeni apa, tizakataya."

Ndinalira pomwepo, anthu akudutsa. Nditapukuta misozi ndinafunsa ngati ali ndi kachere wina wamng'ono, chifukwa pawindo popanda kanthu pankandiwawa. Anati kachere anatha. Ananditengera kamkuyu ka m'pulasitiki yakuda.

"Ni chimozimozi chabe, vonse ni banja imozi. K80."

Ndinafunsa kawiri ngati kadzakhala m'nyumba.

"Kazankhala, amai. Osavutika."

Ndinasiya wa amuna anga, ndinasenza mlendo.

Milungu itatu yokha, masamba a mkuyu uja, aakulu okhakhala aja, anachita chikasu. Anayamba kugwa limodzilimodzi. Ndinkasesa m'mawa uliwonse ndikudziimba mlandu kuti dzanja langa ndi loipa, zonse zimandifera.

Loweruka ndinabwerera kukafunsa. Ndinafika leveni koloko. Ndinaima mphindi makumi anayi. Ba Kelvin anandiona, koma analibe nthawi yanga. Anali ndi mayi wina wa kumayadi, wa galimoto yoyera, magalasi atakweza pamutu. Mayiyo anapatsidwa mpando. Ine chilili. Ndipo ndinamva ndi makutu angawa sukulu yonse imene ine anandimana.

"Ba madamu, mkuyu musayese mu nyumba. Ufuna zuba, uzataya masamba yonse. Wa mu nyumba ni kachere, masamba yang'ono, ni wolimba. Olo aume bwanji, mukakanda mwaona mkaka, ninshi akali moyo. Monga aka. Kanali kouma, tinakadzutsa ise tweka."

Analowa kuseri, natuluka naye. Mbale yatsopano yonyezimira. Timasamba tanthete tobiriwira. Mizu itakumbatira mwala wa ku Katete.

Ndinamuzindikira pomwepo. Ndinakuwa, "Ameneyo ndi wa a Zulu!"

Ba Kelvin sanachite manyazi ngakhale pang'ono. "Amai, munakasiya mweka. Vinthu votayiwa vilibe mwine."

Votayiwa? Anandiuza kuti nditaye ndani? Anapukuta mkaka uja ndi chala ndani? Kodi mkuyu umakana nyumba za kumayadi zokha, za ku Mtendere umalola? Kapena chitenje chakuda chimalemba pamphumi kuti uyu ndi wopusa, munamizeni?

Mayiyo anangoti, "Pepani amai, ine sinizibako." Anapereka K1,500. Kachere uja anamuika pampando wakutsogolo, namumanga lamba kuti asagwe. Anapita.

Za nsanje ndinene zoona. Amuna anga ali moyo ndinkachita nsanje ndi kamtengo kameneka. M'mawa ankayamba kukaona iko asanandifunse kuti ndadzuka bwanji. Ndinkawauza kuti akakwatire komweko, iwo n'kumaseka. Lero nsanje yanga ili pa mayi amene dzina lake sindilidziwa. Ali ndi galimoto. Ali ndi mpanda wa maluwa, ndikhulupirira. Mwina mwamuna wake ali moyo, akudya naye. Zonsezo akhale nazo. Koma m'mawa uliwonse iye ndi amene akugwira nthambi zimene manja a a Zulu anapinda. Alendo ake akumuyamikira. Sadziwa kuti nthambi yakumanzere inathyoka chaka chimene tinasamuka ku Kalikiliki, ndipo anaimanga ndi kansalu ka diresi langa.

Ba Kelvin, Lolemba eyiti koloko ndikubwera ndi mkuyu wanu. Ndidzakhala pakhomo panu mpaka mundiuze kumene kachere anapita. Mwini malo atuluke andiyankhe ngati umu ndi mmene amaphunzitsira antchito ake.

Anzanga, mukapita ndi mtengo wodwala kwa anthu awa, musausiye. Kandani nokha khungwa. Mukaona mkaka, nyamulani mubwerere nawo kwanu. Ndipo wa m'nyumba ndi kachere, osati mkuyu. Ine ndaphunzira nditaima kumbuyo kwa mpando wa wina.

Inu mayi a galimoto yoyera, ngati mawu awa akufikani, sindikukutukwanani. Ndibwezereni. Ngati simungathe, ndiuzeni geti lanu, ndizibwera kudzamuthirira. Malipiro sindifuna.