Asisiteri a ku dziko lopanda asilikali

Mdzukulu wanga Felista wakhala ndi chilonda pamsongolo chiyambire nthawi yokolola. Ndathirapo zonse zimene ndikudziwa, koma chikungonyekerabe. Lachiwiri lapitali ndinamubereka kumka naye ku chipatala cha ku mishoni.

Tisanawoloke ndi dambo lomwe, aNachisale, anzanga a mudzi umodzi, anatitsekera njira.

"Mukumka naye kwa Sisiteri Mjeremani uja? Inu, Lazaro wanga ali kunkhondo, akumuwombera ndi abale ake a mkazi ameneyo! Aphunzitsi ati nyimbo zimene amaimbira odwala n'za Chijeremani. Mwanayo mukam'taya, eti!"

Ndinaima kaye. Inu amene mumawerenga zanga sabata ndi sabata mukundidziwa: ine munthu sindimukhulupirira. Wogula fodya akamayeza ndimayang'ana chala chake. Mkamwini akanditumizira nyama ndimayamba ndanunkhiza. Koma aNachisale nawonso ndi munthu. Ndiwakhulupirire chifukwa chiyani? Ndinati ndikadzionere ndekha.

Asisiteriwo ndinawapeza kuseri kwa chipatala akusankha chimanga cha mbewu. Ndinakhala poteropo, mwana osam'tsitsa.

"Kodi Asisiteri, kwanu n'kuti?"

"Ku Lihitenishitaini, agogo."

"Sindinalimvepo. Mwalipeka lero lomwe?"

Anaseka mpaka kupukuta misozi. "Ngakhale azungu anzanga ambiri salidziwa. Mutanyamuka mamawa kumalire a kumpoto, dzuwa lisanalowe mwafika kumalire a kummwera. Mbali imodzi kuli mtsinje waukulu, mbali inayi mapiri okhaokha."

Dziko lotha ndi miyendo tsiku limodzi! Ndinawapanikiza, poti wabodza sachedwa kupunthwa ukam'funsa za kwawo. Mfumu yanu ndani? Akuti makolo a mfumuyo dzikolo anachita kugula, ndipo mibadwo yambiri ankalilamulira ali ku mzinda wa dziko lina. Yomwe ilipoyi ndiyo inasamuka kudzakhala pakati pa anthu ake, m'nyumba yamiyala pamwamba pa phiri, nkhondo ili pafupi kuyamba. Malamulo imapangana ndi amuna osankhidwa ndi anthu.

"Akazi ayi?"

"Akazi ayi, agogo."

"Apo pokha mwanena zoona. Amuna ndi amodzi konsekonse. Nanga asilikali anu akumenya mbali iti?"

Apa kuseka kunatha. "Tilibe msilikali ndi mmodzi yemwe. Anawathetsa kalekale, bambo anga asanabadwe. Chiyankhulo chathu n'Chijeremani ndithu, sindikana. Koma dziko loyandikana nafe kum'mawa Ajeremani analimeza kale, ndipo mayi anga akaima pamunda amaona malire ndi maso. Sindidziwa ngati ndidzapeza kwathu kulipo."

Mawu ndinawamva, koma ine ndinkayang'ana manja. Pakamwa pamanama, chala sichinama. Ankatenga chitsononkho chodzaza bwino, kutonola njere za kunsonga ndi za kutsinde n'kuziika padera, za pakati n'kusunga. Zina ankamanga makoko ake ziwiriziwiri kuti akapachike. Zimenezo suphunzira utakula.

"Anakuphunzitsani ndani?"

"Mayi anga. Kwathunso timadya chimanga. Timalima m'mbali mwa mtsinje uja, n'kupachika kudenga. Ndili mtsikana unasefukira n'kukokolola minda, ndipo tinapulumukira mbewu yopachika."

Abale, mzungu wodziwa njala ya chimanga!

Tsono ndifunse ife akuno. Bwanji timafulumira kumangira munthu mtolo umodzi ndi aliyense woyankhula ngati iye? Nthawi imene mlamu wanga anali ku migodi ya ku Halale, mnzake wina wa kuno anaba, ndipo onse oyankhula Chinyanja anawatcha akuba. Tinadandaula. Lero tikuchitira mnzathu zomwezo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiponso wamng'ono sasankha woyandikana naye. Kamunda kanga kali pakati pa minda iwiri ya anthu a ng'ombe zambiri. Onsewo ndimawapatsa moni mogwada, ngakhale amene amandidya malire khasu limodzi chaka ndi chaka. Kodi ndiye kuti ndine wawo? Ndi mmene kadziko kameneko kakhalira: kalibe mfuti, kangokhala ndi ulemu ndi kupenyetsetsa. Moyo umenewo ndimaudziwa.

ANachisale sindikuwanyoza. Mayi amene mwana wake ali kunkhondo tulo sapeza, ndipo mantha amafuna nkhope yoti ailoze. Yapafupi ndi ya Asisiteri. Koma akazi awiriwa akuopa anthu amodzimodzi: wina akuopera mwana, wina akuopera mayi.

Felista ndinam'tsitsa. Mankhwala awo ndinayamba ndadontheza pa mkono wanga, ndipo Asisiteri sanakwiye, anangodikira. Atatsuka chilondacho mwana analira, iwo n'kumuimbira nyimbo yakwawo ija. Sindinawaletse.

Lero ndi Loweruka. Chilonda chaleka kununkha, m'mbali mwayamba kuuma, ndipo mwana akutsimphina yekha kupita kukasewera. ANachisale kuchitsime sakundiyankha moni. Koma khanda la mpongozi wawo, mkazi wa Lazaro, likutsokomola sabata yachiwiri tsopano, ndipo akulibisa m'nyumba. Kodi Lazaro akadzabwera n'kufunsa mwana wake, tidzamuuza kuti anam'tenga ndi Ajeremani ati?