Mapepala Amene Anamudya Manasseh Chavula

Pa Katowo ponse, makina a fotokope anali ndi Manasseh Chavula yekha, ndipo ndi makinawo amene anamugwetsa.

Mpingo wake unagawikana chifukwa ena ankati mbusa akuchita kampeni ya chipani paguwa. Mbali zonse ziwiri zinathamangira kwa Manasseh. Otsatira mbusa ankabweretsa timapepala totcha anzawo Ayudasi. Akulu ampingo ogalukira ankabweretsa tawo totcha mbusa mmbulu. Iye ankangosindikiza, osawerenga n'komwe.

Mapepala kuno amavuta, ndiye Manasseh sankataya pepala limene kuseri kwake kuli koyera. Sabata ina anatenga otsala a gulu lililonse n'kusindikizapo za gulu linzake. Lamulungu m'mawa, aliyense atatembenuza pepala la gulu lake, anapeza kuseri akutukwanidwa iye mwini, mochita kutchulidwa dzina.

Anthu amene sankapatsana ngakhale moni anagwirizana chinthu chimodzi: Manasseh ndi kazitape. Iye anayenda khomo ndi khomo akuwomba m'manja. "Adada, pepani chomene, ndinangolakwitsa." Ankamutsekera chitseko asanamalize.

Kenako mkazi wake Tryness anamwalira, mayi woti waimba kwaya kuyambira utsikana wake. Manasseh anakagwada kwa mbusa kupempha mwambo wamaliro, anakagwadanso kwa akulu aja. Konse yankho linali limodzi: "Pitani kwa anzanu amene anakutumani."

Anasindikiza yekha nyimbo zapamaliro, pamapepala atsopano, kuseri koyera bwinobwino. Anawayala pamabenchi onse amene anabwereka kusukulu. Panalibe ndi mmodzi yemwe wodzaziimba.